Mapiritsi Atatha ku Meriting

Mabasi ochoka ku Blantyre ndi ku Lilongwe kupita ku Johannesburg sanyamula anthu okha. Kunsi kwake kumadzaza matumba a ufa woyera, mpunga wa kilombero, usipa, nyemba ndi zitenje, ndipo pakati pa katunduyu pamakhala timaphukusi tomata ndi selotepi, tolembedwa dzina ndi nambala ya foni. Mwa tina mumakhala mankhwala. Alipo Amalawi ambiri ku Joni amene ali ndi matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku, koma sanapondepo pakiliniki ya kuno. Mayi kapena mlongo ndiye amakatenga mankhwalawo kuchipatala cha kumudzi n'kupatsira wonyamula katundu, phukusilo n'kudutsa pa Mwanza, pa Tete, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge lisanafike m'manja mwa mwiniwake. Basi ikachedwa, wonyamula katundu akasintha nambala, kapena kuchipatala kuja mankhwala akasowa, wodwala kuno amasowa mtengo wogwira.

Mnyamata wa kwathu ku Ntcheu, amene dzina lake ndilisunga, ankalandira mankhwala ake mwa njira imeneyi. Ankakhala ku Meriting, lokeshoni ya kumpoto kwa tauni ya Rustenburg, moyandikana ndi Boitekong, m'dera la migodi ya platinamu. Ndalama ya ku Meriting imachokera pansi pa nthaka. Wootcha nyama, wometa tsitsi, woyendetsa takisi, mayi wochititsa lendi zipinda za kuseri kwa nyumba, onsewa amadikira kuti a mumgodi alandire. Agogo athu ankabwera kumigodi ya dziko lino la South Africa kudzera ku bungwe la Wenela, kenako la Theba, atayamba apimidwa ndi dokotala, koma njira imeneyo inatsekeka mu 1988. Adzukulu awo amabwera paokha, ndipo ambiri amathera pamaganyu a m'mbali mwa migodi. Mnyamatayu usiku anali mlonda pabwalo la kontilakita wina, masana ankaphunzira kuwotcherera zitsulo za m'mawindo kwa bambo wina wa ku Mozambique. Chipinda ankagawana ndi msuweni wake.

Ali ndi zaka 4 anadwala malungo a mu ubongo, n'kukomoka kwa masiku angapo. Anatsitsimuka, abale n'kuthokoza Mulungu, koma atafika sitandade 5 anayamba kugwa. Zoterezi si zachilendo. Madokotala ofufuza pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, m'kafukufuku amene Gretchen Birbeck ndi anzake anasindikiza mu 2010, anatsatira ana opulumuka ku malungo a mu ubongo ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa ana 10 aliwonse anadzayamba kudwala khunyu pambuyo pake. Kuchipatala anamupatsa phenobarbitone, womwa usiku pogona. Kugwa kunachepa, kenako kunalekeratu. Anamaliza sukulu ya pulayimale, anakwatira, anabereka mwana, ndipo ponyamuka ulendo wa ku Joni n'kuti patatha zaka zambiri asanagwepo.

Za matendawa ankadziwa ndi a kumudzi okha, monga amayi ake ndi mkazi wake. Msuweni wogona naye chipinda chimodzi sankadziwa kanthu, chifukwa mapiritsi ankawasunga m'kabotolo ka Panado. Chifukwa china chobisira chinali ntchito. Lamulo la zaumoyo ndi chitetezo m'migodi la 1996 limafuna kuti wogwira ntchito pamgodi apimidwe kaye, ndipo chikalata chosonyeza kuti thupi lake lili bwino anthu kuno amachitchula kuti red ticket. Munthu wodwala khunyu kawirikawiri sapatsidwa ntchito ya pansi, ya pamalo okwera kapena yoyendetsa makina. Lamulo limeneli ine ndilibe nalo mlandu, pakuti munthu akagwa m'ngalande yopapatiza mamita 1,000 pansi pa nthaka amaika pachiswe moyo wake ndi wa anzake. Koma mnyamatayu ankalota tsiku lodzalowa pamgodi ngati wowotcherera, ndipo ankaganiza kuti dzina lake likalembedwa pakiliniki ya boma, mbiri idzafika kwa madokotala a kumgodi. Analakwitsa, chifukwa lamulo la dziko lino limateteza chinsinsi cha wodwala, koma panalibe amene akanamuwongolera poti iye sanafunse aliyense.

Kuti timvetse zimene zinamuchitikira, tiyenera kudziwa ntchito imene kapiritsi kaja kankagwira m'mutu mwake usiku uliwonse.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito magetsi. Magetsiwo amapangidwa ndi mchere. Mchere ukasungunuka m'madzi a m'thupi umagawika kukhala tizigawo tonyamula mphamvu ya magetsi, totchedwa maayoni, ndipo ofunika kwambiri pankhani yathu ndi sodiyamu, potaziyamu, kashiamu ndi kolorayidi. Selo lililonse ndi lokutidwa ndi kakhungu ka mafuta kopyapyala zedi, kamene maayoni sangabowole. Kuti alowe kapena atuluke amadalira mapuloteni okhazikika m'kakhunguko. Ena mwa mapuloteniwa ndi mapampu, amene amakankha maayoni mokakamiza, ena ndi zipata, zimene zimangotseguka ndi kutseka.

Pampu yaikulu kuposa onse anaitulukira ndi Jens Christian Skou wa ku Aarhus m'dziko la Denmark mu 1957, akufufuza mitsempha ya nkhanu. Usana ndi usiku ntchito yake ndi imodzi: ikatulutsa maayoni 3 a sodiyamu, imalowetsa 2 a potaziyamu. Chifukwa cha iyo, kunja kwa selo sodiyamu amachuluka pafupifupi ka 10 kuposa mkati, pomwe potaziyamu amaunjikana mkati. Potaziyamu wina amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'zipata zake zina zimene sizitseka, ndipo mkati mwa selo magetsi amakhala otsika ndi mamilivoti pafupifupi 70 poyerekeza ndi kunja. Zili ngati thanki ya madzi ya pansanja pachipatala cha mishoni: pampu imavutika tsiku lonse kukweza madzi, koma wina akangotsegula mpopi, madziwo amathamanga okha. Kukwezako kumadya mphamvu zambiri. Ubongo ndi 2 peresenti yokha ya kulemera kwa thupi, koma umatha pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akakhala phee, ndipo gawo lalikulu la mphamvuzo limathera pamapampu.

Mmene zipata zimagwirira ntchito anafotokoza ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley mu 1952, atayeza magetsi mumtsempha waukulu wa nyama ina ya m'nyanja ya mchere yotchedwa squid. Selo likasonkhezeredwa mpaka pamlingo winawake, zipata za sodiyamu zimatseguka, sodiyamu n'kukhamukira mkati, magetsi n'kukwera mwadzidzidzi. M'kanthawi kokwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi zipatazo zimadzitseka zokha, za potaziyamu n'kutseguka, selo n'kubwerera mwakale. Kung'anima kumeneku kumayenda mumtsempha mpaka kukafika kuselo lina. Kuphethira kwa diso, kukumbukira dzina la mwana, dzanja kugwira chowotcherera osanjenjemera, zonsezi zimachokera pamenepa.

Komatu ubongo umafunanso chouletsa. Selo limodzi limalandira mauthenga kuchokera kwa anzake masauzande. Ena amalitumizira mankhwala opangidwa m'thupi otchedwa glutamate, amene amatsegula zipata zolowetsa sodiyamu ndi kashiamu, ndipo uthenga wake ndi wakuti yaka. Ena amalitumizira mankhwala ena otchedwa GABA, amene amatsegula zipata za kolorayidi, ndipo kolorayidi akalowa amatsitsa magetsi, selo n'kukhala chete. Kuti kolorayidi athe kulowa, pali puloteni ina yotchedwa KCC2 imene imamutulutsa nthawi zonse kuti mkati musadzaze. Munthu amagwa khunyu pamene uthenga woyatsa waposa woletsa, maselo mamiliyoni n'kuyamba kuyaka pamodzi mobwerezabwereza. Chimene chimasokoneza muyezowu chikhoza kukhala chipsera chosiyidwa ndi malungo kapena ngozi yovulaza mutu, timatuza ta njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba tokhazikika mu ubongo, kapena chipata chobadwa cholakwika, monga zimakhalira m'matenda a Dravet, amene nthawi zambiri amayamba chifukwa cha vuto la chipata china cha sodiyamu. Pazonsezi palibe chimene chingatuluke m'malovu kapena mumpweya wa wodwala n'kulowa mwa munthu wina.

Phenobarbitone, amene madokotala akhala akuthandizira khunyu kuyambira 1912, amachititsa kuti chipata cha kolorayidi chikatsegulidwa ndi GABA chikhalitse chili chotseguka. Carbamazepine ndi phenytoin amagwira kwina: amachedwetsa zipata za sodiyamu kuti zisatsegukenso msanga zikangotseka. Bungwe la WHO limati padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni odwala khunyu, ndipo mpaka 70 mwa 100 aliwonse akhoza kukhala osagwa atamalandira mankhwala oyenera. Koma mankhwala onsewa sachotsa chipsera. Chimakhalapobe, chikungoletsedwa.

Chaka chimenecho phukusi la mwezi wa May silinafike. Amayi ake anapita kuchipatala n'kubwerako chimanjamanja, ndipo pamene mankhwala anapezeka, wonyamula katundu uja n'kuti atanyamuka kale. Phenobarbitone kuno sagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Mnyamatayu anawerenga mapiritsi otsala, n'kuyamba kuwadula pakati ndi lezala. Kenako ankamwa usiku umodzi, wina n'kudumpha. Kumayambiriro kwa June kabotolo kanatha.

Tsiku loyamba linadutsa osamva kanthu, lachiwiri ndi lachitatu chimodzimodzi. Ndipotu anamva bwino kuposa kale. Phenobarbitone amalemeretsa mutu ndi kubweretsa tulo, chinthu chowawa kwa mlonda wa usiku, ndipo tsopano m'maso munayera, manja anapepuka. Lamlungu lapitalo anali atapita kutsogolo kumapemphero, abusa n'kumusanjika manja. Sanawauze dzina la matenda, anangoti ali ndi vuto la m'mutu la kuyambira ubwana. Anaimbira amayi ake.

"Amayi, mankhwala aja musavutike nawonso. Sabata yatha ndisanamwe, koma ndili bwinobwino."

"Mwanawe, adokotala paja anati usamadumphitse ngakhale tsiku limodzi."

"Zimenezo zinali za kale, amayi. Kuno andipempherera, ndachira."

Amayi aja anasangalala, ndipo ndani angawadzudzule? Anali atayenda mitunda kwa zaka zambiri chifukwa cha mapiritsi amenewa. Pemphero sindilinyoza, ndipo abusa aja sanauze munthu kuti ataye mankhwala. Chimene chinamunamiza ndi chikhalidwe cha mankhwalawo. Phenobarbitone amachoka m'thupi mochedwa kwambiri. Pamatenga masiku 3 kapena 4 kuti theka lake lithe m'magazi, masiku enanso otero kuti lithe theka la otsalawo. Munthu amene wasiya kumwa Lolemba amakhala akutetezedwabe Lachinayi, ndipo masiku abata amenewo iye amawayesa umboni wakuti wachira. Choopsa china n'chakuti ubongo umene wakhala zaka zambiri ukulandira mankhwalawa umazolowera. Zipata za GABA zimasintha, zimafooka, chifukwa zapeza wozithandiza. Mankhwala akachoka mwadzidzidzi, mphamvu yoletsa imatsika kuposa mmene inalili munthuyo asanayambe kumwa. N'chifukwa chake ngakhale munthu amene sanadwalepo khunyu akhoza kugwa ngati wasiya mwadzidzidzi mankhwala a mtundu umenewu atawamwa kwa nthawi yaitali.

Kenako anzake a pamgodi analandira. Mnyamatayu sankamwa mowa kwenikweni, poopa kusakaniza ndi mankhwala, koma tsopano ankadziona mfulu. Anamwa Lachisanu usiku, anamwa Loweruka tsiku lonse. Mowa umagwira pazipata zomwe zija: umawonjezera mphamvu ya GABA ndipo umatsekereza zina mwa zipata za glutamate. Pamene uli m'magazi ubongo umakhala woponderezedwa, koma ukamatuluka, ubongo umadzambatuka mopitirira muyezo. Madokotala amadziwa kuti kugwa kobwera chifukwa cha mowa kumachitika kawirikawiri pakati pa maola 6 ndi 48 munthu atasiya kumwa, osati ali chiledzerere. Lamlungu usiku anakalondera osagona, ndipo kusowa tulo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika kwambiri zimene zimautsa khunyu. Lolemba masana, m'malo mogona, anapita kukamaliza geti ya kasitomala.

Usiku wa June ku Rustenburg kumazizira mofika m'mafupa. Lolemba limenelo msuweni wake analowetsa mbaula m'chipinda, n'kutereka poto wa nsima. Mnyamatayu anakhala pakireti ya mowa yotembenuza, akuwotha manja. Msuweniyo akuti anali kumufunsa za ndalama ya lendi, n'kuona kuti sakuyankha. Maso anali tong'o kuyang'ana pakhoma. Kenako anatulutsa mawu amodzi okweza, thupi lonse linauma gwa, n'kugwera kutsogolo. Poto anagubuduka, ndipo dzanja lamanja linatsamira pa mbaula.

Msuweniyo anathawira panja. Amandiuza yekha, misozi ili m'maso, kuti chimene chinabwera m'mutu mwake ndi mawu amene tonse tinakula nawo, akuti wakhunyu akatulutsa mpweya iwe n'kuupuma, nawenso uyamba kugwa. Anaima pakhomo akukuwa. Munthu amene wagwa khunyu samva ululu ndipo sangachotse dzanja pamoto, choncho dzanjalo linakhala pomwepo mpaka mnyamata wina wa chipinda choyandikana analowa n'kumukoka miyendo. Anthu anasonkhana. Wina anatenga supuni n'kuikankhira pakati pa mano, ati kuti asameze lilime, dzino n'kuthyoka, magazi n'kusakanikirana ndi thovu. Wina anamuthira madzi ozizira. Amuna awiri anamupanikiza manja ndi miyendo kuti asiye kuphiriphitha. Onsewa ankafuna kuthandiza, ndipo zonse zimene anachita zinali zolakwika. Lilime silimezeka. Munthu wogwa amafunika kumuchotsa pamoto, pamadzi kapena pamsewu, kumuika chofewa kumutu, kumugoneka chammbali kuti malovu atuluke, osamuika kanthu m'kamwa, osamupanikiza, ndipo wina ayang'ane nthawi pafoni.

Kuyang'ana nthawi ndiye kofunika kuposa zonse, ndipo panalibe anakuchita. Kugwa kwa khunyu nthawi zambiri kumatha kokha pasanathe mphindi 2 kapena 3. Kukapitirira mphindi 5, kapena munthu akagwanso asanatsitsimuke, mwayi woti kuleke kokha umachepa kwambiri, ndipo chifukwa chake chili m'mapuloteni omwe aja. Maselo akamayaka osapuma, zipata za GABA zimayamba kukokedwera mkati mwa selo, kumene sizingagwirenso ntchito, pomwe zipata za glutamate zimachuluka pakhungu. Kolorayidi amaunjikana mkati mofulumira kuposa mmene KCC2 ingamutulutsire, moti ngakhale zipata zotsalazo zitatseguka, mphamvu yake yoletsa imakhala yochepa. Potaziyamu amadzaza kunja kwa maselo, n'kumawasonkhezera kuti ayakenso. Mankhwala oyamba amene a ambulansi ndi anamwino amabaya, monga diazepam, amadalira zipata za GABA zomwezo, choncho amagwira bwino akaperekedwa msanga ndipo amafooka nthawi ikamapita. Uku munthu sakupuma bwino, mapampu akufuna mphamvu zochuluka kuposa zimene magazi angabweretse, ndipo kashiamu akulowa m'maselo mopitirira muyezo mpaka kuwawononga. Akatswiri amati kugwa kotere kukafika mphindi 30, ubongo ukhoza kuvulala mpaka kalekale, ndipo mbali imene imavulala msanga ndi hippocampus, yosunga zinthu zatsopano zimene munthu waona ndi kumva.

Mnyamatayu ankati akaleka pang'ono, anthu n'kupumira m'mwamba, kenako n'kuyambiranso asanatsegule maso. Mafoni anali m'manja mwa aliyense, koma panalibe woimba. Msuweni uja masiku a m'pasipoti yake anali atatha, ndipo enanso angapo pagululo anali chimodzimodzi. Ankaopa kuti ambulansi ibwera ndi apolisi. Mantha amenewa sindiwapeputsa. Mu 2025 tonse tinaona magulu monga Operation Dudula ataima pazipata za makiliniki ku Gauteng akubweza alendo, ndipo nkhani zotero zimayenda pa WhatsApp mofulumira kuposa nkhani za malamulo. Koma gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo silitchula pasipoti. Nambala ya 112 imaimbidwa pafoni ya m'manja ngakhale mulibe mayunitsi, ndipo ya ambulansi ndi 10177.

Amene anaimba ndi mayi mwini nyumba, Mtswana wachikulire, atangofika kuchokera kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi. Anakankha anthu pakhomo, n'kuona mmene zinalili.

"Ana inu, mukudikira chiyani? Mukufuna afere pakhomo panga?"

Analanda supuni ija n'kuitaya panja, anagwada, n'kumutembenuzira chammbali, foni ili kukhutu. Pamene ankafika kuchipatala cha Job Shimankana Tabane m'tauni, ola linali litakwana chiyambire kugwa. Jakisoni woyamba sanakwanire, ndipo madokotala anachita kumugoneka ndi mankhwala amphamvu, makina akumuthandiza kupuma. Anapulumutsa moyo wake.

Atatsitsimuka, dokotala anamufunsa mafunso amene akanayenera kufunsidwa zaka zingapo m'mbuyomo. Anayamba liti kugwa, ankamwa chiyani, mlingo wanji, kodi akumwanso ma ARV? Funso lomalizali lili ndi chifukwa chake. Phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, kuphatikizapo dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa ku Malawi ndi ku South Africa, komanso mankhwala ena olerera. Sodium valproate alibe vuto limenelo, koma ndi woopsa kwa mwana wosabadwa. Kusankha mankhwala a khunyu kumafuna munthu amene akuona wodwalayo ndi maso, ndipo zimenezi sizingatheke ngati wodwala ali ku Meriting, buku lake la kuchipatala lili ku Ntcheu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Zonse zimene mnyamatayu ankafuna zinali zotheka kukambirana. Tulo timene tinkamuvutitsa pantchito tikanachepa akanamusinthira mankhwala ena, ndipo mankhwala oterowo kuno alipo. Ngakhale kusiya kumene si nkhani yoletsedwa. Munthu akatha zaka 2 kapena kuposerapo osagwa, dokotala akhoza kuona ngati n'koyenera kuyesa kuchepetsa mankhwala, ndipo akavomera, amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa miyezi, kuti zipata zija zipeze nthawi yobwerera mwakale. Kwa munthu wa chipsera mu ubongo mwina yankho likanakhala lakuti ayi, koma akanalimva atakhala pampando, manja onse awiri ali bwino.

N'kwapafupi kunena kuti anadzipweteka yekha, ndipo mbali ina ndi zoona. Koma ndikaganiza za kabotolo ka Panado kaja, ndimaona kuti ife tinamuphunzitsa kubisa. Anakula akuona ana anzake akumuthawa pabwalo la sukulu, akumva akuluakulu akunong'onezana kuti mwana wotere asamadye mbale imodzi ndi anzake, ndiponso kuti wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso. Pofunsira mbeta, amalume ake anamulangiza kuti asatchule matendawa kuchikazi. Munthu woleredwa motero sangafike kudziko la eni n'kuuza wogona naye chipinda kuti, achimwene, ine ndimagwa, ndikadzagwa mudzachite chakutichakuti. Pamene ndinacheza ndi msuweni uja, anabwereza mawu amodzi kangapo: "Achimwene, akanangondiuza, mbaula ija sindikanailowetsa m'nyumba." Ndimamukhulupirira. Ndimakhulupiriranso kuti akanauzidwa tsiku loyamba, mwina akanasamuka m'chipindamo, ndipo mnyamata uja ankadziwa zimenezo.

Pali ena ambiri m'zipinda za kuseri ku Meriting, ku Freedom Park, ku Marikana ndi m'malokeshoni a ku Johannesburg amene usiku uno akudula piritsi pakati kuti lifike kumapeto kwa mwezi. Si a khunyu okha, koma a khunyu ndiwo amalipira msanga ndiponso mowawa. Wotere asadikire kuti kabotolo kathe. Atenge kabotoloko, kapena chithunzi cha tsamba la buku lake la kuchipatala chimene abale angamutumizire pafoni, apite nacho kukiliniki mapiritsi akadalipo a sabata 2, ndipo akabwezedwa pakiliniki imodzi ayese ina. Auzeko munthu mmodzi amene amagona naye pafupi, amuuzenso za mphindi 5 zija.

Mnyamata wathu anakhala m'chipatala milungu ingapo. Anamudula khungu pantchafu n'kulimata padzanja, koma zala zitatu zinapindika ndipo sizitambasuka. Chowotcherera sangachigwire, ndipo bambo wa ku Mozambique uja anatenga wophunzira wina. Ulonda unatha tsiku lomwe abwana anamva chimene chinachitika. Zakale amazikumbukira bwinobwino, mayina a anzake a ku pulayimale ngakhale mitengo ya zitsulo, koma ukamuuza chinthu m'mawa, masana amafunsanso. Mkazi wake anasiya mwana kwa agogo ku Ntcheu n'kubwera kudzamusamala, ndipo ndi iye amene amachapa ndi kusita m'nyumba za anthu kuti lendi ilipidwe. Mnyamatayu tsopano amagulitsa tomato ndi anyezi pakatebulo pafupi ndi poimikira matakisi, ndalama akuwerenga ndi dzanja lamanzere. Mankhwala amakatenga kukiliniki ya boma, ndipo tsiku lokatenga linalembedwa m'mafoni atatu, yake, ya mkazi wake ndi ya msuweni uja. Chiyambire kumwa mankhwala a kukilinikiwa sanagwenso.